Kodi Mwana Wotayika Kalekale Angapezeke?

Mwezi watha tinalandira kalata yochokera kwa mphunzitsi wina wa m'boma la Nsanje. Mphunzitsiyo analemba m'malo mwa mayi wina wokalamba wa m'mudzi mwao amene sadziwa kulemba. Mayiyu anaoloka malire kuchokera ku Mutarara m'chaka cha 1986 pothawa nkhondo. Ananyamuka usiku ndi ana atatu, wina kumbuyo, awiri akuyenda pansi. Pofika ku mtsinje kunalira mfuti, anthu nabalalika m'bango, ndipo kutacha anapeza kuti mnyamata wake wa zaka 5 palibe. Anamfunafuna m'misasa ya othawa nkhondo osampeza. Nkhondo itatha anzake anabwerera kwao, koma iye anatsala kuno, nati kapena mwanayo adzabwera kudzamfuna kumene anasiyana. Tsopano mphamvu zatha, ndipo funso lake ndi ili: kodi njira ina ilipo, kapena angokhuza maliro?

Funso limeneli si la mayi mmodzi yekha. Poyenda ndi misonkhano m'midzi ya m'malire timalimva kawirikawiri. Chifukwa chake taganiza zoyankha pano, kuti aphunzitsi ndi ena odziwa kuwerenga akawerengere anzao. Yankho lathu ndi lakuti njira ilipo. Sitikulonjeza kuti onse adzapezeka, pakuti ambiri anafa ndithu. Koma ena ali moyo, ndipo ena mwa iwo akufunanso abale ao monga momwe abalewo akuwafunira.

Mmene anawa anatayikira

Dziko la Mozambique linalandira ufulu wodzilamulira mu 1975, ndipo posakhalitsa kunabuka nkhondo pakati pa boma la Frelimo ndi gulu la Renamo. Nkhondoyi inakula kwambiri m'zigawo za Tete ndi Zambezia mu 1986, ndipo m'chaka chimenecho anthu anayamba kulowa muno mwaunyinji. Pofika 1992 othawa nkhondo m'Malawi anapitirira 1,000,000. M'boma la Nsanje alendo anachuluka kuposa eni dziko. Ena anaikidwa m'misasa monga Mankhokwe, Tengani ndi Nyamithuthu ku Nsanje, Kunyinda ku Chikwawa, ndi Chifunga m'dera limene lero ndi boma la Neno. Koma ku Dedza ndi ku Ntcheu ambiri anangokhala m'midzi pakati pa abale, pakuti kumeneko malire ndi msewu chabe, ndipo anthu a mbali zonse ziwiri amalankhula chinenero chimodzi.

Ana ena anasochera pothawa, monga mnyamata uja. Ena anagwidwa ndi ankhondo kuti azisenza katundu, ndipo pothawa kumeneko anatulukira ku dera lachilendo. Ena anasiyidwa pa chipatala mayi ao akudwala. Ambiri mwa ana otere sanapite ku nyumba zosungira ana amasiye. Anatoledwa ndi anthu achifundo amene anawapeza pa njira, nawalera pamodzi ndi ana ao. Kuyambira 1988 boma la Mozambique, mothandizana ndi bungwe la Save the Children ndi ena, linayamba kulemba ana opanda makolo ndi kuwajambula zithunzi. Zithunzizo zinkasindikizidwa pa mapepala akuluakulu ndi kukhomedwa pamene pamasonkhana anthu, ndipo ana ambiri anabwerera kwao mwa njira imeneyi. Koma mwana amene anali m'mudzi, m'manja mwa banja lomsunga bwino, kawirikawiri sanalembedwe konse.

Pangano la mtendere linasainidwa ku Rome pa 4 October 1992 ndi a Joaquim Chissano ndi a Afonso Dhlakama. M'zaka zitatu zotsatira anthu okwana ngati 1,700,000 anabwerera ku Mozambique kuchokera m'maiko 6 oyandikana nalo. Apa mpamene ena analekana kachiwiri osadziwa. Mwana anabwerera ndi banja lomlera, mayi ake natsala kuno. Kapena mayi anabwerera, mwana natsala m'mudzi wa kuno, nakula ngati Mmalawi. Tsono wofunafuna asaganize kuti mwanayo ali mbali imodzi yokha ya malire.

Simukufuna mwana, mukufuna munthu wamkulu

Cholakwa choyamba cha ofunafuna nchakuti m'mtima mwao mwanayo sakula. Mayi amanena za kabudula amene anabvala tsiku lija ndi za dzino limene linali litangoguluka. Komatu mwana amene anali ndi zaka 5 mu 1986 anakwanitsa zaka 40 mu 2021. Ngati ali moyo ali ndi banja, ndipo kapena ali ndi zidzukulu. Angathe kudutsana ndi mayi ake pa msika osadziwana.

Dzina nalonso losadalirika. Taganizani maina amene munthu mmodzi amakhala nao kwathu kuno: la paubwana, la kuchinamwali, la ubatizo, la ku sukulu, ndipo mkazi akabereka amangotchedwa make wa uje. Mwana wotoledwa amapatsidwa dzina latsopano ndi omlera, natenganso mfunda wao. Pamene boma linalemba anthu onse a zaka 16 ndi kupitirira mu 2017 kuti alandire chiphaso cha unzika, munthu wotere ayenera kuti anatchula dzina la bambo womlera ndi mudzi umene anakulira, chifukwa ndi zimene adziwa.

Palinso bvuto la kalembedwe. Alembi a ku Mozambique amalemba motsata Chipwitikizi. Pamene ife tilemba "ny" iwo alemba "nh", ndipo pamene ife tilemba "w" iwo kawirikawiri alemba "u". Yohane wa kuno ndi João kumeneko, Petulo ndi Pedro, Yosefe ndi José. Mlembi wa pa msasa, amene anali ndi mzere wa anthu mazana patsogolo pake, analemba monga anamvera. Chomwecho munthu mmodzi angapezeke m'mabuku atatu ndi maina atatu. Maina a malo anasinthanso. Kumene akuluakulu amati ku Vila Coutinho lero ndi Ulongué, ndipo Vila Cabral ndi Lichinga, monga momwe Port Herald wathu anasandukira Nsanje. Midzi ina imatchedwa ndi dzina la mfumu, ndipo mfumu ikasintha kapena mudzi ukagawikana, dzina lakale limaiwalika.

Nanga mwanayo akumbukira chiyani? Wotayika asanakwanitse zaka 3 sakumbukira kanthu, ndipo ngati omlera sanamuuze, sadziwa nkomwe kuti anatoledwa. Wa zaka 5 kapena 6 amasunga tizidutswa. Sangadziwe dzina la boma kapena la mfumu yaikulu, ngakhale dzina lenileni la mayi ake, pakuti mwana amangoti amayi. Koma angakumbuke dzina limene agogo ake ankamuitana nalo, dzina la mkulu wake kapena la galu wa pakhomo, mtengo wa mlambe umene unali pafupi ndi chitsime, phiri limene dzuwa linkalowera, njanji kapena mlatho umene ankauona, nyimbo imene ankamgonekera. Chinenero cha kwao angachiiwale chonse, koma tizinthu totere timatsala. Tsono ndi tizinthu timeneti tiyenera kulembedwa, ngakhale tioneke topanda pake.

Yambani ndi kulemba

Musanapite ku ofesi iriyonse, khalani pansi ndi akuluakulu onse a pabanja amene analipo nthawi ija. Mphunzitsi kapena mwana wa sukulu atenge kope. Funsani mmodzimmodzi payekha, chifukwa pagulu anthu amangobvomereza zimene wanena wamkulu. Lembani maina onse a mwanayo, maina a makolo ndi a agogo a mbali zonse ziwiri, mfunda, maina a abale ake motsatana ndi kubadwa kwao, mudzi, mfumu, mtsinje ndi mpingo. Lembani malo amene anaonekera komaliza ndi anthu amene anali pafupi. Ngati chaka sichikumbukika, chifunseni mwa zochitika: kodi kunali chilala cha 1992 chisanafike kapena chitapita? Kodi chimanga chinali chitamera kapena anali atakolola?

Lembaninso zizindikiro za pathupi zimene sizichoka: chipsera cha moto, mphini, chibadwa, chala chopindika, kugwiritsa dzanja lamanzere. Chipsera cha katemera wa pamkono sichithandiza, pakuti ali nacho ndi anthu ambiri. Ndipo pano tikuchenjezeni. Chizindikiro chimodzi kapena ziwiri musaziulule kwa anthu. Zisungeni m'kope, kuti tsiku limene wina adzabwere nati ndine mwana wanu, mudzakhale ndi chomuyesera.

Nchito yolembayi siyenera kudikira. Chaka chilichonse timaika m'manda anthu amene anali ndi mayankho.

Bungwe la Red Cross

Kufuna anthu olekana chifukwa cha nkhondo ndi nchito yakale ya bungwe la Red Cross. Pa nkhondo ya France ndi Prussia mu 1870 linatsegula ofesi mu mzinda wa Basel ku Switzerland yotumiza maina ndi makalata a asilikari ogwidwa kwa abale ao. Pa nkhondo yaikulu ya 1914, imene makolo athu ankaitcha ya Chiwaya, ofesi ya ku Geneva inasunga makadi mamiliyoni a maina. Red Cross ya Malawi inakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo mu 1966, ndipo likulu lake liri ku Lilongwe. Inzake ya ku Mozambique, yotchedwa Cruz Vermelha de Moçambique, inayamba mu 1981. Ubwino wake ndi umenewu, kuti fomu yolembedwa mbali ino ingathe kukafika m'manja mwa munthu wa bungwe lomwelo kutsidya, amene adziwa midzi ndi chinenero cha kumeneko.

Njira zao zazikulu ndi ziwiri. Ngati mudziwa kumene mbale wanu angakhale, mumalemba kalata ya Red Cross. Iyi ndi kalata yosamata, yonena za pabanja zokha, osati za ndale, ndipo ili ndi malo olembapo yankho. Ngati simudziwa kumene ali, mumadzaza fomu yopempha kuti amfune, ndipo apa mpamene kope lija ligwira nchito. Zonsezi nzaulere. Munthu akakuuzani kuti mulipire kuti fomu yanu iyende msanga, dziwani kuti akukuberani.

Chinthu china muchidziwiretu, kuti mungadzakhumudwe. Akampeza munthuyo, amayamba amfunsa ngati alola kuti abale ake auzidwe kumene ali. Akakana, sakuuzani. Ena amati lamuloli nlouma mtima. Ife tiona kuti nloyenera, pakuti alipo anthu amene amafuna anzao ndi cholinga choipa, ndipo munthu wa zaka 40 ali ndi ufulu wa pa moyo wake.

Mukapereka fomu, siyani keyala yodalirika, monga ya sukulu kapena ya mpingo, ndipo mukasamuka kanenenso. Yankho limatha kuchedwa miyezi kapena zaka.

Mabuku akale ndi anthu akale

Podikira yankho musakhale manja lende. Ana obadwira m'midzi zaka zimenezo analibe zikalata za kubadwa. Kuno lamulo la 1904 linkakakamiza kulembetsa ana a anthu osakhala Aafirika okha, ndipo lamulo lokhudza ana onse linayamba kugwira nchito mu 2015. Ku Mozambique nako nkhondo inaononga sukulu ndi zipatala zambiri pamodzi ndi mabuku ake. Komabe mabuku ena alipo. Mipingo imasunga mabuku a ubatizo ndi a maukwati kwa zaka zambiri, ndipo m'menemo mumalembedwa maina a makolo kapena a omlera munthu. Sukulu zina zikali ndi kaundula wakale. Pakhomo pomwe, funani m'sutikesi khadi la ku sikelo kapena khadi lolandirira chakudya ku msasa. Nambala ndi dzina la msasa zolembedwa pamenepo nzothandiza. Pitaninso ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu kwa Bwana D.C., ndipo mupite ndi kalata ya mfumu yanu.

Koma buku loposa onse ndi anthu. M'misasa munali atsogoleri a zigawo, aphunzitsi, akatekisiti, azamba ndi ogawa chakudya. Anthu otere ankadziwa banja limene linafika ndi mwana wosakhala wao. Mafumu a midzi yozungulira msasa adziwanso alendo amene anatsala ndi kupempha malo. Funsani mwaulemu, ndipo funso lanu lisamveke ngati mlandu. Mukafika ndi mau akuti tikufuna amene anatenga mwana wathu, pakamwa ponse padzatsekeka. Nenani kuti mukufuna kuthokoza amene anasunga mwana wotayika. Ndi zoonanso, pakuti popanda iwo mwanayo akadafera m'bango.

Nkhani ya mwana wochita kubedwa ndi ina. Imeneyo ndi ya apolisi, ndipo kupita kwa zaka sikuletsa kukanena.

Wailesi ndi lamya

Wailesi za m'madera a m'malire zimamveka mbali zonse ziwiri, ndipo uthenga waufupi wotchula dzina la paubwana, mudzi ndi chaka ungafike kutali. Muunenetse m'Chichewa ndi m'chinenero cha kumene mwanayo anabadwira. Achinyamata angathandizenso poika uthengawo pa Facebook kapena pa WhatsApp. Koma uthenga ukafalikira, amamva ndi akuba omwe. Wina adzaimba lamya nati mwana wanu ndamuona, tumizani ndalama yokwerera basi. Musatumize. Mfunseni chizindikiro chija munasunga. Ndipo za olosera amene amalandira mbuzi nanena kuti mwanayo ali kum'mawa, tingoti mbuziyo ikadagulitsidwa ikadalipira ulendo wa ku msasa wakale.

Umboni wa m'magazi

Tinene kuti munthu wapezeka, zaka zake zikugwirizana, koma sakumbukira kanthu. Kale nkhani inkathera pa kuyang'ana nkhope ndi mapazi. Lero ilipo njira yotsimikiza. M'thupi la munthu aliyense muli kanthu kosaoneka ndi maso kotchedwa DNA, kamene theka lake limachokera kwa mayi, theka kwa bambo. Mu 1984 katswiri wina wa ku Leicester ku England, dzina lake Alec Jeffreys, anapeza njira yoyerekezera DNA ya anthu awiri ndi kuona ngati ali pachibale. Sipafunika magazi ambiri. Ngakhale malobvu otengedwa ndi kathonje m'kati mwa tsaya amakwanira.

Chimene chingakondweretse awerengi athu ndi ichi. Mbali ina yaing'ono ya DNA imachokera kwa mayi yekha, ndipo imatsika osasintha kwenikweni kuchokera kwa agogo akazi, kwa mayi, kufikira kwa mwana. Imayenda monga momwe Achewa, Amang'anja, Ayao ndi Alomwe amawerengera mbumba. Tsono ngakhale mayi atamwalira, mng'ono wake, mlongo wake amene ndi malume a mwanayo, kapena mwana wina wa bere lomwelo angayezedwe. Mbali inanso imatsika kuchokera kwa bambo kupita kwa ana aamuna okha, monga momwe Asena ndi Atumbuka amawerengera mtundu.

Njira imeneyi yagwira nchito ku Argentina, dziko la ku South America. Kumeneko boma la asilikari limene linalamulira kuyambira 1976 mpaka 1983 linapha anthu ambiri otsutsana nalo, ndipo makanda ao anaperekedwa kwa mabanja ena ndi maina atsopano. Mu 1977 agogo akazi a anawo anapanga bungwe lotchedwa Abuelas de Plaza de Mayo. Popeza makolo a anawo anali ataphedwa, akatswiri anapeza njira yoyerekezera mwana ndi agogo ake, ndipo mu 1987 boma linakhazikitsa nkhokwe yosungira magazi a mabanja ofunafuna. Zidzukulu zoposa 130 zapezeka. Mtsogoleri wa bungwelo, mayi Estela de Carlotto, anapeza mdzukulu wake mu 2014, patapita zaka 36 chibadwire. Ndipo taonani mmene anapezekera: mdzukuluyo, ali bambo wamkulu, anayamba kukayika za kubadwa kwake, napita yekha kukapereka magazi. Anapezeka chifukwa abale ake anali atasiya kale chizindikiro pamalo pamene iye akadzafuna adzachipeza. Fomu ya ku Red Cross ndi chizindikiro chotero.

Kuyeza DNA kumafuna ndalama, ndipo sikuchitika pa chipatala chaching'ono cha kumudzi. Sikungakuuzeninso kumene mwana ali. Kumangoyankha ngati uyu amene waima apayu ndi wanu kapena ai. Chifukwa chake ndi njira yotsiriza, osati yoyambira. Dokotala wamkulu wa chipatala cha boma angakulangizeni kumene mungapite.

Akapezeka

Anthu amaganiza kuti tsiku lokumana ndi la nthungululu zokha. Limakhalanso lolemera. Wopezekayo kapena sadziwa chinenero cha mayi ake, ndipo pafunika womasulira pakati pa mayi ndi mwana. Kapena anakula ndi mkwiyo poganiza kuti anachita kutayidwa dala. Amene anagwidwa ndi ankhondo anaona zinthu zimene safuna kuzinena, ndipo musamuumirize. Angaopenso kuti nkhaniyi imsokonezera munda, banja kapena chiphaso chake. Za chiphasozo akafunse kwa Bwana D.C., asamvere mphekesera.

Amene anamlera ndi makolo akenso. Musamkakamize kusankha, kapena kusamuka kumene ali ndi munda ndi ana. Kukumana koyamba kuchitike pamaso pa mfumu kapena mkulu wa mpingo, ndipo a banja lobereka apite ndi kanthu m'manja kokathokoza. Ngati kwao anali atakhuza kale maliro ake, akuluakulu a mbumba akambirane pasadakhale mwambo womlandirira, kudzanso za malo ndi chuma chimene chinagawidwa iye kulibe, pakuti milandu yambiri imabukira pamenepo.

Nthawi zina chopezeka ndi manda. Mabanja amene zawachitikira amanena kuti ngakhale zimenezo nzabwino kuposa kusadziwa, chifukwa maliro amalirika ndipo mtima umakhala pansi.

Ndipo inu amene munatola mwana m'zaka zimenezo, kapena inu amene munauzidwa kuti munachita kutoledwa, fomu ija ndi yanunso. Mungathe kuidzaza kuchokera mbali yanu.

Mphunzitsi wa ku Nsanje uja tamuyankha kale. Tampempha kuti akhale pansi ndi mayiwo ndi ana ao awiri otsalawo, aliyense payekha, alembe dzina limene mnyamatayo ankaitanidwa nalo pakhomo, dzina la dooko pamene anaolokera, ndi maina a mabanja amene anali nao usiku umenewo. Akatha apite nalo kopelo ku Red Cross mvula isanayambe, misewu ya kuchigwa ikali yoyendeka.